Pamalo pa Rute

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinasamukira ku Chawama. Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa, ena n'kutsekedwa kumene, ndipo kampani imene atate ankasokako mipando ya mabasi inali m'gulu la zotsekedwazo. Ntchito itatha, nyumba ya kampani inapita nayo limodzi. Tinakweza katundu pa lole ya mnzawo wa atate, ife ana titakhala pamwamba pa matiresi, n'kukatsikira m'komboni, pa nyumba ya zipinda ziwiri imene khomo lake linkatsegukira panjira penipeni.

Tinalipo anayi: atate, amayi, ine ndi mng'ono wanga Rute, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Rute sankalankhula ngati ana ena. Anali ndi mawu ake ochepa, monga madzi, iyayi, ndi Esi, poti dzina langa lonse la Esinati linkamutalikira. Sankayang'ana munthu m'maso. Chimene ankakonda chinali kundanda zitsekerero za mabotolo pansi, mzere wowongoka bwino, n'kumaziyang'ana atapendeketsa mutu. Ku nyumba yakale zimenezi sizinkasowetsa munthu mtendere. Achibale ankangoti ndi mwana wofatsa, adzalankhula nthawi yake ikadzakwana.

Ku Chawama Rute anasanduka mwana wina. Ankangoyamba kukuwa, manja atatseka makutu, thupi lonse litauma gwa. Nthawi zina ankadziluma padzanja, nthawi zina ankagunditsa mutu kukhoma. Amayi anayesa kumubereka kumsana ngati khanda, anayesa kumukalipira, tsiku lina anamumenya pamwendo kenaka iwo omwe n'kuyamba kulira. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzamupempherera, ndipo atayamba kuimba atamuzungulira m'pamene anakuwa koposa. Iwo anati chimene chili mwa mwanayu chikuopa pemphero.

Atate anali atapeza malo pansi pa mtengo pafupi ndi msika, pamene ankakonzera masofa a anthu. Nyengo ya mvula ntchito yosatha ankabwera nayo kunyumba. Sofa ina yaikulu ya anthu atatu inakhalitsa pangodya ya pabalaza itatembenuzidwa chadodolido, mwini wake akuchedwa kudzaitenga. Tsiku lina tinamusowa Rute. Titafunafuna tinamupeza ali m'kati mwa sofayo. Anali atang'amba nsalu yapansi pake n'kulowa m'mphako ija, pakati pa matabwa ndi siponji, ali phee ndi zitsekerero zake. Kuyambira pamenepo ankakhala m'menemo nthawi yaitali. Amayi ankati bola, mwina n'kupumako pang'ono.

Amayi anali atayamba kugulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale zija, kumsika, choncho ndikaweruka kusukulu ine ndi amene ndinkakhala ndi Rute mpaka madzulo. Sindibisa, ndinkanyansidwa nazo. Ndinali mlendo m'kombonimo, ndinkafuna anzanga. Ndinkamva atsikana akusewera waida, masewera olumpha chingwe, panja, ine ndili m'nyumba kulondera munthu amene sankandiyang'ana n'komwe. Ndipo ndinkadziwa zimene ankanena ndikamadutsa kupita kumpopi.

Masana ena kunabwera atsikana atatu. Wamkulu wawo anali Mutinta, wa m'kalasi mwanga, amene aliyense ankafuna kukhala mnzake. Anaima pakhomo n'kunena kuti amva zoti kwathu kuli mwana wofuntha, wamisala, ndiye abwera kudzamuona.

"Si ofunta," ndinatero. "Amayopa chabe chongo."

Anati ndiwaonetse. Mpaka lero ndimatha kuona manja anga akutenga zivundikiro ziwiri za mapoto pa tebulo. Ndinagwada pakamwa pa mphako ya sofa ija n'kuziombanitsa. Rute anakuwa m'katimo. Atsikana aja anaseka, ndipo kuseka kwawoko kunandikomera, poti kanali koyamba kuti aseke nane m'malo mondiseka. Ndinaombanitsanso. Nditaombanitsa kachitatu Rute anatuluka chokwawa, anadzuka maso atatsinzina, n'kuthamanga molunjika pa felemu yachitsulo ya chitseko cha kuchipinda. Anagunda ndi chipumi. Sanagwe. Anabwerera pang'ono n'kugundanso dala.

Magazi atatsikira pamphuno pake, atsikana aja anali atathawa kale. Amene analowa anali akazi a eninyumba, amene ankakhala m'zipinda za kutsogolo. Anamanga chilondacho ndi chitenje chawo, anatuma munthu kukaitana amayi, ndipo kukiliniki anamusoka. Madzulo atandifunsa, ndinati Rute anangoyamba yekha monga achitira masiku onse. Palibe anakayika.

Lamlungu lotsatira kunabwera azakhali, alongo awo aakulu a atate, amene ife tinkawatchula kuti ba Anti Belita. Ankakhala ku komboni ya George, ndipo m'banja mwathu mawu awo sankabwezedwa wamba. Ine ndinali panja ndikutsuka mbale, koma khomo linali lotsegula. Anati mwanayu m'tauni muno adzadzipha tsiku lina. Anati kumudzi ku Katete kuli achibale, kuli malo, kulinso munthu wodziwa kuchotsa zoterezi. Akazi a eninyumba nawonso anali atanena kale kuti alendi ena akudandaula, ndipo za magazi pakhomo pawo sakuzifuna. Amayi ankangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Pomaliza atate anavomera kuti mwezi ukatha, azakhali popita kumudzi kukagula mtedza, amutenge Rute.

Ndinasunga bodza langa masiku enanso anayi. Rute ankati akandiona ndikuyandikira, ankakokera miyendo yake m'kati mwa sofa. Lachinayi amayi anandituma kukapereka chakudya kwa atate kumtengo kuja. Ndinawapeza akukhomera nsalu pa mpando, timisomali ting'onoting'ono ataluma pakamwa monga mwa chizolowezi chawo. Ndinaika mbale pansi, ndinagwada, n'kunena zonse mothamanga ndisanasinthe maganizo.

Analavulira timisomali tija m'dzanja, n'kutiika m'kachitini kamodzikamodzi.

"Unamenya kangati?"

"Katatu, batate."

"Koyamba sanalire?"

"Analira."

"Manje kachiwiri unali kufuna kumvera chani?"

Ndinkayembekezera lamba, ndipo ndikanamulandira mosangalala kuti nkhani ithe. Koma iwo anangoti ndipite kunyumba, chilango changa ndidzachiona Loweruka.

Loweruka m'mawa amayi anamutenga Rute kupita naye kutchalitchi, kumene azimayi ankasesa tsiku limenelo. Atate anandikhazika pansi pakati pa balaza, pasimenti, n'kundiuza kuti ndikhale pamenepo mpaka dzuwa lifike pamutu. Likafika pamutu ndilowe m'sofa muja mpaka iwo atabwera.

"Usakambe, usagone, usagwire chilichonse. Nikabwera uzaniuza vonse vamene wamvera, vamene waona, na vamene vanunkha. Ukasiyako chimodzi, uzabwezapo Chiwelu chinangu."

Anatseka chitseko n'kupita.

Poyamba ndinkaona ngati ndapulumuka. Kukhala pansi chabe! Ndinkaganiza za Mutinta, za sukulu, za njala. Koma patapita nthawi maganizo anatha, ndipo nyumba inayamba kumveka. Zenera lathu linali laling'ono, choncho getsi la chubu linkayaka ngakhale masana. Ndinazindikira kuti linkalira, kaphokoso kosalekeza ngati udzudzu umene sukutera, ndiponso kuti kuwala kwake kunkaphethira. Nditangokamva kamodzi sindinathenso kukachotsa m'makutu. Dzuwa litakwera, malata anayamba kuthetheka, apa ndi apo, mosadziwika kuti kotsatira kalira liti. M'mabowo a misomali yakale munkadutsa timizere ta dzuwa tolasa m'maso. Anthu odutsa panjira ankamveka ngati akulowa m'nyumba. Wailesi ya pakantemba, kagolosale ka patsidya pa njira, inkaimba rumba, ndipo sindinkaimva ndi makutu okha, inkabwera ndi m'simenti momwe.

Ndiye ba Mulenga anayatsa makina awo. Ba Mulenga anali owotcherera zitsulo, ndipo shedi yawo inatsamira khoma lathu lakumbuyo. Ndinkawamva tsiku lililonse, koma nthawi zonse ndinali nditaimirira, ndikugwira ntchito kapena kulankhula. Tsiku limenelo ndinali pansi, kumene kunkafika mutu wa Rute, ndipo m'munsi mwa khomalo munali bowo lolowetsa mpweya. Makina odulira zitsulo aja atakhudza chitsulo mosachenjeza, ndinadzidzimuka mpaka ndinadziluma lilime. Analeka. Ndinapuma. Anayambanso. Chondisautsa kwambiri sichinali phokosolo, koma kudikira, osadziwa kuti liyambiranso liti. Ndinapezeka kuti mapewa ndawakweza mpaka m'makutu.

Kunalinso fungo. Amayi ankapaka pansi polishi wofiira m'mawa uliwonse mpaka simenti kumawala ngati galasi. Munthu woimirira ankangomva kafungo kaukhondo. Wokhala pansi ankapuma parafini yekhayekha, ndipo pofika masana mutu unali ukundiwawa.

Dzuwa litafika pamutu ndinakwawira m'sofa. Munali mothina kwa ine, mawondo anagunda chibwano. Koma nditangolowa, zonse zinabwerera kutali. Makina a ba Mulenga ankamveka ngati ali kwa aneba achitatu. Getsi silinkafikamo. Siponji inkandikanikiza kumsana ndi m'mbali ngati munthu wandigwira osandifunsa kanthu. Pamalo pong'ambika paja ndinkaona chitseko, moti aliyense wolowa ndikanamuona iye asanandione. Mapewa anga anatsika okha. M'menemo ndi m'mene ndinalira, chifukwa ndinamvetsa kumene ndinapita nazo zivundikiro zija. M'nyumba yonseyo Rute anali ndi malo amodzi okha, ndipo ine ndinamulondola komweko.

Atate atabwera anakhala pampando, ine pansi, ndipo ndinawauza chimodzichimodzi. Sanandidule mawu. Nditanena za getsi anakweza nkhope.

"Chubu ilira?"

Ndinati inde. Anaimirira pansi pake, anatseka maso, ndipo tinakhala chete tonse awiri. Patapita kanthawi anapukusa mutu.

"Miyezi isanu mu nyumba muno, sininaimvepo."

Kenaka, mwamuna wamkulu uja, anagwada n'kugona chammbali pasimenti, khutu pafupi ndi bowo la mpweya, mpaka ba Mulenga atayatsanso makina. Anadzuka akudzisisita khutu. Madzulo amenewo anauza amayi kuti asanatumize mwana kulikonse, ayambe aona ngati nyumbayi singakonzedwe.

Tinalibe chuma chogulira zinthu, koma atate anali ndi zotsalira za ntchito yawo. Chubu anaichotsa tsiku lomwelo n'kuikapo babu wamba, n'kulipangira chophimba cha pepala lokhuthala. Bowo la mpweya analitseka ndi siponji, n'kuboola lina pamwamba, mbali ya kumene kunalibe shedi, atapempha kaye eninyumba. Ine ntchito yanga inali yotolera masaka a ufa ndi makatoni kumsika. Masakawo tinawachapa, atate anawasoka pamodzi n'kuwakoka pansi pa malata ngati siling'i, pamwamba pake atayala makatoni. Mvula yotsatira itagwa, sinamvekenso ngati miyala.

Si zonse zinayenda bwino. Mwini sofa anatumiza uthenga kuti akubwera kudzaitenga, choncho atate anafulumira kumangira Rute malo ake pangodya yomweyo, ndi matabwa a mipando yakale. Anamata siponji ndi guluu m'kati monse, anakuta ndi nsalu yofiira yowala imene inatsala pa ntchito ina, n'kutseka mbali zonse kusiya polowera. Ankaoneka onyadira. Rute anasuzumira kamodzi, ananena kuti iyayi, n'kukakhala pansi pa tebulo akulira. Atate anakhumudwa, anati mwanayu sayamika. Ine ndi amene ndinalowamo, n'kutuluka n'kuwauza kuti mukununkha guluu, nsaluyo ikuterera ndiponso ikulira munthu akaikhudza, ndipo chitseko sichikuoneka. Atamva zimenezo anatenga chozulira misomali. Anakanganula zonse, matabwa anawaanika padzuwa masiku atatu, siponji anaikhomera ndi timisomali m'malo mwa guluu. Anakuta ndi bulangete lakale lotuwa limene Rute ankafunda, n'kusiya mpata woonera kukhomo. Sitinamuitane. Tinangoika zitsekerero zake pafupi. Tsiku lachiwiri tinapeza alimo.

Pangodya imeneyo ndi pamene ine ndinkayala mphasa yanga sofa isanabwere, ndipo ndinkayembekeza kubwererapo. Ndinasamukira pafupi ndi chitseko, pamene pankalowa mphepo. Sindinadandaule mokweza.

Amene anataya chachikulu anali amayi. M'komboni mkazi ankadziwika ndi kuwala kwa pakhomo pake, ndipo amayi, amene anali atataya kale nyumba ya kampani, polishi uja ndiye anali ulemu wawo wotsala. Atate atanena za fungo, amayi anakwiya. Anati anthu aziti chiyani, kuti mkazi uja ntchito ya mwamuna wake itatha ndi ukhondo womwe unatha? Anapakabe masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawaona atagwada ndi chitini m'manja, akuyang'ana Rute amene anali atakwirira mphuno m'bulangete. Anatseka chitinicho. Kuyambira pamenepo ankakolopa ndi madzi okha m'nyumba, polishi n'kumapaka pa sitepe yapanja pokha, kuti odutsa aziona.

Kwa ba Mulenga atate anapitako eni ake, ine ndikuwatsatira. Ba Mulenga anamvetsera atakweza magalasi awo akuda pachipumi. Anati ntchito sangaleke, ana awo amadya momwemo. Atate anati sakupempha zimenezo. Anagwirizana kuti benchi yodulira isunthidwe kuchoka kukhoma lathu, ndiponso kuti asanayatse makina azigogoda khomalo katatu ndi chitsulo chaching'ono. Ba Mulenga anaseka, anati zaka zonsezi sanapemphepo chilolezo kwa mwana kuti agwire ntchito. Koma ankagogoda. Akaiwala, tinkamva akuzimitsa msanga n'kukuwa kuti pepani.

Mwezi utatha ba Anti Belita anabwera ndi chikwama chawo cha ulendo. Anayang'ana masaka kudenga, anayang'ana simenti yosawala, kenaka anaona kangodya kaja.

"Mwamumangira khola monga nkhuku?"

"Khola ili na chitseko, ba sisi," anatero atate. "Apa palibe. Angena yekha, achoka yekha."

Azakhali anati zimenezi n'zosasamala, mwana amafunika kuzolowera dziko, dziko silingazolowere iye. Anafunsa amayi ngati zovala za Rute zalongedzedwa. Amayi, amene sindinawamvepo akutsutsa alamu awo, anayankha maso ali pansi kuti sanalongedze ndipo salongedza.

Nthawi yonseyi Rute anali pakati pa balaza akundanda zitsekerero. Ali m'kati mokangana, khoma linagogodedwa katatu. Rute anatola zitsekerero zake mosafulumira, anaziika m'diresi, anakwawira pangodya pake n'kukoka bulangete. Makina anayamba kulira. Tonse tinadikira kukuwa kumene tinakuzolowera. Sikunabwere. Pampata paja pankangooneka zala zake zikuikanso zitsekerero pamzere.

Azakhali sanavomere kuti analakwitsa, sanali munthu wotero. Anamwa tiyi, anati tidzaona, n'kunyamula chikwama chawo. Ku Katete anapita okha.

Sindikufuna kunama kuti Rute anachira, chifukwa sanali kudwala chinthu chochira. Masiku oipa ankabwerabe, makamaka kukakhala maliro pafupi kapena alendo akadzaza m'nyumba. Koma anachepa, ndipo mutu kukhoma sanagunditsenso kawirikawiri. Anayamba kudya bwino, mawu ake anawonjezeka. Ine anandiopa miyezi yambiri. Sindingatchule tsiku limene analeka, zinangobwerera pang'onopang'ono, ndipo sindidziwa ngati anandikhululukira kapena anangoona kuti sindidzachitanso.

Dzina la chimene Rute ali nacho tinalimva patapita zaka zambiri, atate atamwalira kale. Adokotala ena anatiuza kuti ndi otizimu, n'kutifotokozera kuti anthu otere phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudza zimawafika mwamphamvu kuposa ife. Anatilangiza kuti kunyumba tizichepetsa zoterezi ndi kumupezera malo akeake opumira. Amayi anangomwetulira. Lero Rute amakhala ndi ine ndi banja langa ku komboni ya Mtendere. Amasoka mabatani ndi kupinda m'mphepete mwa zovala kwa telala wina wapafupi, ntchito imene amaigwirira m'chipinda chake, ndipo telalayo amati palibe wina wowongola mzere ngati iye.

Chimene ndimachimvetsa tsopano n'chakuti miyezi yonse ija tinkafunsa funso limodzi lokha, lakuti mwanayu chamuvuta n'chiyani. Opemphera, azakhali, eninyumba, ngakhale ife eni ake, tonse tinkafuna kukonza Rute kuti akwane m'nyumba. Palibe anaganiza zoti nyumba ndiyo inamangidwa ndi anthu, ndipo chimene anthu anakhoma angathe kuchizula n'kuchikhoma mwina, ngakhale ali osauka ngati mmene tinalili ife. Chimene chimandiwawabe n'chakuti Rute sanatibisire kanthu. Ankatiuza kuyambira tsiku loyamba, ndi manja ake, ndi thupi lake lonse. Ife tinkati salankhula, chonsecho osamva tinali ife, ndipo panafunika kuti mwana akhetse magazi kuti mmodzi wa ife akhale pansi.